Gulugufe, namondwe ndi malire a ulosi wa zanyengo

Mlimi wa ku Mkanda kapena ku Kapiri, m'boma la Mchinji, amadziwa kuti mu Disembala mvula ikhoza kukhuthuka m'mudzi umodzi mpaka madzi kudula mizere, pamene m'mudzi woyandikana nawo, umene madenga ake akuoneka ndi maso, muli fumbi lokhalokha. Wailesi imakhala italengeza kuti m'chigawo chapakati mugwa mvula, ndipo kwa amene yawagwera ulosiwo umakhala woona, pamene amene yawalambalala amati a zanyengo amangolota. M'madandaulo amenewa muli funso loyenera kuliyankha mofatsa. Ngati asayansi amatha kutchula tsiku ndi mphindi imene kadamsana adzachitike zaka 50 zikubwerazo, amalephera bwanji kunena ngati ku Kamwendo kudzagwe mvula Loweruka la milungu itatu kutsogoloku? Vuto silili pa ulesi kapena kuchepa nzeru kwa olosera, koma pa khalidwe la mpweya wa mumlengalenga, limene limachititsa kuti kusiyana kochepetsetsa kwa lero kudzakhale kusiyana kwakukulu pakapita masiku. Asayansi amalitcha khalidwe limeneli chaos, ndipo m'nkhani ino tizilitchula kuti chipwirikiti.

Kwa nthawi yaitali akatswiri a masamu ankakhulupirira zosiyana ndi zimenezi. M'chaka cha 1814, Pierre-Simon Laplace wa ku France analemba kuti pakanakhala nzeru yodziwa malo ndi liwiro la kanthu kalikonse m'chilengedwe pa mphindi imodzi, nzeruyo ikanatha kuwerengetsera zam'tsogolo zonse ndi zam'mbuyo zomwe. Aliyense ankavomereza kuti palibe munthu angayeze zinthu mosalakwitsa ngakhale pang'ono, koma ankaganiza kuti wolakwitsa pang'ono poyeza adzalakwitsanso pang'ono polosera. Woyamba kuona kuti maganizo amenewa ali ndi mng'alu anali Henri Poincaré, katswiri wa masamu wa ku France, amene m'chaka cha 1889 anapambana mphoto ya Mfumu Oscar II ya ku Sweden pofufuza kayendedwe ka zinthu zitatu zokokana mumlengalenga, monga dzuwa, dziko ndi mwezi. Pokonza cholakwika chimene chinapezeka m'ntchito yakeyo isanafalitsidwe mu 1890, iye anazindikira kuti njira ziwiri zoyambira pafupi kwambiri zikhoza kupatukana mpaka kusafanananso. Koma nthawi imeneyo kunalibe makina owerengetsera masamu ochuluka chotero, choncho nkhaniyi inagona kwa zaka zambiri.

Inadzuka mu 1961 ku Massachusetts Institute of Technology, m'dziko la America, kumene katswiri wa zanyengo Edward Lorenz ankayeserera kayendedwe ka mphepo pa kompyuta yaing'ono yotchedwa LGP-30, pogwiritsa ntchito malamulo a masamu 12. Tsiku lina anafuna kubwereza mbali ina ya ntchito yake, ndipo m'malo moyambira pachiyambi anatenga manambala a pakati amene kompyutayo inasindikiza papepala n'kuwalowetsanso. Kompyutayo inkasunga manambala asanu ndi limodzi pambuyo pa kadontho, koma papepala inkasindikiza atatu okha, kotero kuti pamene m'kati mwake munali 0.506127, Lorenz analowetsa 0.506. Atabwerako kokamwa khofi anapeza kuti nyengo yoyeserera ya miyezi iwiri yatuluka yosiyana kotheratu ndi yoyamba ija. Poyamba anaganiza kuti makina awonongeka, koma atayang'anitsitsa anaona kuti mizere iwiri yoonetsa nyengo yoyamba ndi yachiwiri inayenda limodzi kwa kanthawi, kenako inayamba kutalikirana pang'ono, ndipo mpata wake unkawirikiza kawiri pakapita masiku ochepa mpaka kufanana konse kunatha. Mu 1963 anafalitsa zimene anapeza pogwiritsa ntchito malamulo ena atatu okha, ndipo ntchito yaikulu ya pakompyuta anaigwira mayi wina wodziwa masamu, Ellen Fetter, amene dzina lake silitchulidwa kawirikawiri.

Zimenezi munthu angathe kudzionera yekha ndi calculator ya pafoni. Tengani nambala ya pakati pa 0 ndi 1, muichotse pa 1, yankholo mulichulukitse ndi nambala yanu ija, kenako muchulukitse ndi 4. Chimene chatuluka muchichite chimodzimodzi, ndipo muzibwereza. Mukayamba ndi 0.300, ulendo woyamba mupeza 0.84, wachisanu 0.088, wachisanu ndi chitatu 0.448, ndipo wakhumi 0.043. Mnzanu amene wayamba ndi 0.301 ulendo woyamba apeza 0.842, wachisanu 0.069, wachisanu ndi chitatu 0.719, ndipo wakhumi 0.620, bola nonse musadule manambala panjira. Lamulo ndi limodzi, mulibe maere kapena mwayi, komabe pakutha pa maulendo khumi inu muli pafupi ndi 0 pamene mnzanu wadutsa theka. Tsopano m'malo mwa 4 muike 2.8, ndipo mudzaona kuti nonse awiri mukathera pa 0.643 n'kukhazikika pomwepo, ngakhale mutayambira motalikirana. Lamulo limeneli analitchukitsa ndi wasayansi Robert May mu 1976, pofotokoza mmene chiwerengero cha tizilombo chimakwerera ndi kutsikira chaka ndi chaka, ndipo chipwirikiti chimayamba nambala yochulukitsira ija ikapitirira 3.57. Apa pali phunziro limene ambiri amalidumpha: si chinthu chilichonse chimene chimakulitsa kusiyana kochepa. Zinthu zambiri m'chilengedwe zimakumeza n'kukuiwala.

Makolo anati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo ananena zoona, koma kukula kwa cholakwika m'chipwirikiti si kwa mtundu umenewo. Mtolo umakula mwa kuonjezera nkhuni imodzi pa inzake, pamene cholakwika cha m'chipwirikiti chimakula mwa kuwirikiza. Chikawirikiza kawiri maulendo khumi chimakhala chitakula maulendo 1,024, ndipo maulendo makumi awiri chimapitirira miliyoni imodzi. Mu mphepo zikuluzikulu zimene zimayendetsa nyengo ya zigawo za dziko lapansi, cholakwika chimawirikiza pafupifupi masiku awiri aliwonse. Choncho ngakhale titagula zipangizo zoyeza bwino maulendo 1,000 kuposa za lero, phindu lake silingakhale kulosera masiku ochuluka maulendo 1,000, koma kungoonjezera masiku owerengeka.

Boma la Mchinji lili ndi chithunzi chabwino cha mfundo imeneyi, chifukwa malire a Malawi ndi Zambia m'dera lino amatsata mtunda umene umagawa madzi. Dontho la mvula logwera kum'mawa kwa mtundawo limatsikira m'mitsinje monga Rusa ndi Bua mpaka kukafika m'nyanja ya Malawi cha ku Nkhotakota, pamene linzake logwera pang'ono chabe kumadzulo limalowera m'chigwa cha Luangwa. Kamphepo kochepa kokankha dontho lisanatere kakhoza kusankha pakati pa maulendo awiri otalikirana makilomita mazanamazana. Koma chithunzichi chiyenera kukonzedwa kuti chifike pa chipwirikiti chenicheni. Pamtunda paja, madontho okhawo ogwera pamwamba penipeni ndiwo ali pamphambano, ndipo dontho logwera ku Waliranji palibe kamphepo kangalitumize ku Zambia. M'chipwirikiti, malo aliwonse ndiponso mphindi iliyonse ndi mphambano yotere, kotero kuti kupatukana sikuchitika kamodzi kokha koma kumapitirira ulendo wonse. Chinanso n'chakuti madzi a mbali zonse ziwiri, amene sanauluke ngati nthunzi kapena kumwedwa panjira, amakakumana mu Zambezi, ena kudzera mu Luangwa ndipo ena kudzera mu Shire. Kamphepo kaja kanasintha njira, koma sikanathe kukweza madzi phiri kapena kuwatumiza ku nyanja ya Atlantic.

Malire amenewa ndiwo mbali ya nkhaniyi imene imaiwalika kwambiri. Lorenz atajambula mayankho a malamulo ake atatu aja, anapeza kuti mzere wake umazungulira mbali imodzi, n'kudumphira mbali ina, n'kubwereranso, popanda kudutsa malo amodzi kawiri, koma osatuluka m'chithunzi chooneka ngati mapiko awiri. Palibe angalosere kutali kuti mzerewo udzakhala phiko liti pa nthawi yakutiyakuti, komabe maonekedwe a chithunzi chonsecho sasintha ngakhale mutayambira pena paliponse. N'chimodzimodzi ndi nyengo yathu. Sitingathe kunena lero ngati pa 15 Januwale chaka chamawa ku Tembwe kudzagwe mvula, koma tikudziwa kuti Januwale adzakhala wonyowa kuposa Julayi, kuti Okutobala adzatentha, ndiponso kuti mphepo yozizira idzaomba mu Juni. Chipwirikiti chimasokoneza ndondomeko ya masiku, osati kakhalidwe ka dera.

Tsono gulugufe analowamo bwanji? Mu Disembala 1972, pa msonkhano wa asayansi ku Washington, Lorenz anakamba nkhani ya mutu wofunsa ngati kukupiza kwa mapiko a gulugufe ku Brazil kungayambitse chimphepo chozungulira ku Texas, m'dziko la America. Mutuwo anamulembera ndi wokonza msonkhano, Philip Merilees, ndipo m'mbuyomo Lorenz ankapereka chitsanzo cha mbalame ya kunyanja. Chofunika n'chakuti iye sanayankhe kuti inde mwachisawawa. Ananena kuti ngati kukupiza kumodzi kungathandize kubweretsa chimphepo, ndiye kuti kukupiza kwina kulikonse kwa gulugufe yemweyo, kwa agulugufe ena mamiliyoni, ndiponso zochita za zamoyo zina zamphamvu kuposa gulugufe, kuphatikizapo anthu, zingatero. Ananenanso kuti kukupiza komweko kukhoza kulepheretsa chimphepo chimene chikanabwera, ndipo pa zaka zambiri tinthu totere sitichulukitsa kapena kuchepetsa zimphepo, koma timangosintha masiku ndi malo amene zimagwera.

Pamenepa m'pamene funso lakuti kodi kanthu kakang'ono kangabweretse chachikulu limafunika kuligawa bwino. Ngati tikutanthauza kuti popanda kanthu kaja zinthu zikanayenda mwina, yankho ndi inde, ndipo masamu akuchitira umboni. Koma ngati tikutanthauza kuti kanthuko ndiko kanapereka mphamvu, kapena kuti tingakaloze chala monga mmene bwalo la mfumu limapezera wolakwa pa mlandu, yankho ndi ayi. Taganizirani namondwe wa Freddy. Anabadwira pafupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, anadutsa nyanja yonse ya Indian, anaomba Madagascar, analowa mu Mozambique, anabwerera kunyanja, kenako anatulukiranso cha ku Quelimane, mu Mozambique momwemo, pa 11 Malichi n'kukhuthula mvula yoopsa ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Anakhala masiku 36, ndipo bungwe la World Meteorological Organization linatsimikiza kuti palibe namondwe wina wolembedwa m'mabuku amene anakhalitsa chotero. Mphamvu yonseyo inachokera ku dzuwa, kudzera m'madzi a m'nyanja ofunda kupitirira madigiri 26, amene nthunzi yake ikamasanduka mitambo imatulutsa kutentha kodyetsa namondwe. Tinthu ting'onoting'ono tosawerengeka tinakhudza njira imene anadzera, koma palibe kamodzi mwa ito kamene tingakapatule n'kunena kuti aka ndiko kanachititsa. Mwa kuona kwanga, kunena kuti gulugufe anabweretsa namondwe n'kusocheretsa anthu, pokhapokha titaonjezera msanga kuti china chilichonse chimene chinagwedeza mpweya tsiku limenelo chili ndi gawo lofanana nalo.

Palinso mfundo ina yochotsera gulugufe ulemu wake. Mu 2014, akatswiri a zanyengo Dale Durran ndi Mark Gingrich anaonetsa kuti pa ulosi weniweni, cholakwika chochepa kwambiri poyeza mphepo zikuluzikulu zofika makilomita mazanamazana chimawononga ulosi msanga, gulugufe asanapeze n'komwe mpata wochita kanthu. Kwa ife kuno mfundo imeneyi ndi yolemera, chifukwa Africa ndi chigawo chimene chili ndi malo oyezera nyengo ochepa kwambiri poyerekeza ndi kukula kwake. Masetilaiti amathandiza, koma sangalowe m'malo mwa zipangizo zapansi ndi mabaluni oyeza mpweya wa m'mwamba. Mbali ina ya kulakwitsa kwa ulosi wathu ndi chipwirikiti chimene palibe angachichotse, koma mbali ina ndi kusowa kwa miyezo, ndipo imeneyo ndi nkhani ya ndalama ndi chidwi cha olamula.

Nanga malire enieni ali pati? Mu 1969 Lorenz anaonetsa kuti vuto ndi lozama kuposa kuwirikiza kwa masiku awiri kuja, chifukwa mumlengalenga muli zinthu za misinkhu yosiyanasiyana, ndipo zazing'ono zimasokonekera msanga kuposa zazikulu. Mtambo wa mabingu, umene ndiwo umabweretsa mvula yambiri ya kuno, umabadwa n'kufa m'maola ochepa, ndipo cholakwika chimakula m'menemo m'mphindi zowerengeka chisanafalikire ku mphepo zazikulu. N'chifukwa chake n'kosavuta kunena kuti mawa m'chigawo chapakati mukhala chinyontho chokwanira mvula ya mabingu, koma n'kovuta kutchula mudzi umene mtambowo udzaime. Kuchokera pa mfundo zoterezi, akatswiri amaika malire a ulosi wa tsiku ndi tsiku pa milungu iwiri kapena kupitirira pang'ono. M'kati mwa malirewo ntchito yapita patsogolo ndithu, popeza kwa zaka makumi angapo ulosi wakhala ukuonjezera pafupifupi tsiku limodzi lodalirika pa zaka khumi zilizonse.

Olosera sanagonje, koma anasintha funso. Kuyambira mu 1992, malo akuluakulu olosera nyengo ku Ulaya ndi ku America anayamba kuyendetsa ulosi umodzi kambirimbiri, ulendo uliwonse atasintha pang'ono manambala oyambira. Bungwe lolosera nyengo la maiko a ku Ulaya lotchedwa ECMWF, limene likulu lake lili ku Reading m'dziko la England, limayendetsa maulosi 51 nthawi imodzi. Onse akaloza kumodzi, olosera amalankhula molimba mtima, ndipo akabalalika amadziwa kuti mlengalenga muli pamphambano. Mukamva kuti mwayi wa mvula ndi 70 pa 100 aliwonse, tanthauzo lake n'lakuti pa masiku khumi amene zinthu zimaoneka chonchi, asanu ndi awiri mvula imagwa. Ikapanda kugwa, wolosera sananame, chifukwa masiku atatu otsalawo anawawerengera kale.

Ulosi wa dzinja lonse, umene Nthambi yoona za Kusintha kwa Nyengo ndi Zanyengo imatulutsa mvula isanayambe, ungaoneke ngati ukuphwanya malire a milungu iwiri aja, koma umayenda njira ina. Sulosera tsiku, koma umatsamira pa zinthu zosintha pang'onopang'ono, makamaka katenthedwe ka madzi a m'nyanja zazikulu. Madzi a pakati ndi kum'mawa kwa Pacific akafunda kuposa nthawi zonse, chimene chimatchedwa El Niño ndipo chimabwera pakapita zaka ziwiri mpaka zisanu ndi ziwiri, kum'mwera kwa Africa kumakonda kuuma. Tinaziona m'dzinja la 2015/16, ndiponso la 2023/24 pamene boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 agweredwa ngozi. Komabe El Niño amangopendeketsa mwayi, salamula. Dziko lathu lili pakati pa chigawo cha kum'mwera, chimene chimauma, ndi cha kum'mawa kwa Africa, chimene nthawi yomweyo chimakonda kulandira mvula yambiri, choncho chizindikirocho chimaoneka bwino kum'mwera kwa Malawi kuposa m'maboma apakati monga Mchinji ndi Kasungu. Mlangizi wa zaulimi akamalimbikitsa mbewu zocha msanga, kuphimbira nthaka ndi mapesi, kapena kusakaniza chimanga ndi mtedza, soya ndi mbatata m'chaka chotere, sakunena kuti ng'amba ibwera ndithu, koma kuti mwayi wake wakwera.

Tibwerere kwa kadamsana, chifukwa yankho lake ndi lodabwitsa. Mapulaneti nawonso ali m'chipwirikiti, kungoti wotchi yake imayenda pang'onopang'ono kwambiri. Mu 1989 Jacques Laskar wa ku France anawerengetsera kuti cholakwika cha mamita 15 pa malo a dziko lapansi lero chimangofika mamita 150 pakapita zaka 10 miliyoni, koma pakapita zaka 100 miliyoni chimafika makilomita 150 miliyoni, womwe ndi mtunda wochoka pano kukafika kudzuwa. Zaka 50 kwa mapulaneti n'zochepa kuposa mphindi imodzi kwa mtambo wa mabingu. Ndipo kumene zinthu zimayezeka bwino chotero, kanthu kakang'ono kangagwiritsidwe ntchito mwadala: bungwe la America loona za mumlengalenga, NASA, linatenga chombo chake cha ISEE-3, n'kuchikankha pang'onopang'ono ndi mafuta ochepa kuti chidutse pafupi ndi mwezi kasanu, mpaka chinakadutsa mumchira wa comet (nyenyezi ya mchira) yotchedwa Giacobini-Zinner mu Seputembala 1985. Ndi mphepo sitingachite zimenezi, chifukwa sitidziwa pamene ili mokwanira kuti tidziwe pokankha.

Anthu olimbikitsa anzawo pamisonkhano amakonda kubwereka gulugufe pophunzitsa kuti kachinthu kabwino kamene mwachita lero kadzasintha dziko. Uphunguwo ndi wabwino, koma sayansi imeneyi siuchirikiza, popeza imanena kuti zotsatira za kanthu kakang'ono sizidziwika kolowera, zikhoza kukoma kapena kuipa. Komanso kuti titsimikize kuti chinthu chili m'chipwirikiti pamafunika kudziwa lamulo lake ndi kuyeza mmene njira zoyandikana zimapatukirana, ndipo moyo wa munthu kapena mbiri ya dziko sitingaibwereze kawiri kuti tiyerekeze.

Pali ena amene amatenga nkhani yomweyi n'kufunsa kuti, ngati asayansi sangalosere mvula ya mwezi wamawa, angadziwe bwanji kuti dziko lidzatentha pofika 2050? Mafunso awiriwa ndi osiyana mtundu. Gulugufe amagwedeza mpweya kamodzi, ndipo amangosintha malo amene mzere uli m'chithunzi cha mapiko chija. Mpweya wa carbon dioxide wochokera ku malasha, mafuta ndi kuotcha nkhalango umakankhira mbali imodzi tsiku lililonse, ndipo umasintha chithunzi chenichenicho. Mafakitale asanachuluke unali pafupifupi magawo 280 pa miliyoni iliyonse ya mpweya, ndipo tsopano wapitirira 420. Kuwerengetsera zotsatira zake n'kuyerekeza kutentha kolowa kuchokera kudzuwa ndi kotuluka kubwerera kumwamba, ndipo masamu amenewo safuna kudziwa ngati pa tsiku lakutilakuti kudzachite mitambo. Chimene chimavutirapo ndi mvula ya dera laling'ono ngati boma limodzi, chifukwa kusinthasintha kwachilengedwe kwa chaka ndi chaka n'kwakukulu moti pamafunika miyezo ya zaka 30 kapena kuposerapo kuti munthu asiyanitse kusintha kwenikweni ndi zaka zingapo zoipa zongotsatizana.